Chitupa cha amayi ndi pamene dzanja la khothi limalekezera

Chitupa chakale cha amayi anga chidakali m'kachitini ka mabisiketi, pansi pa makadi a ubatizo ndi malisiti a sosaite yathu ya maliro. Ndi chachitsulo, chija ankapereka kale muno m'Zimbabwe, pakona pali kachithunzi ka amayi ali mtsikana wometa bwino. Kutsogolo kwa nambala kuli mawu amene anatisowetsa mtendere zaka zambiri, akuti iwo ndi "alien". Mlendo. Chikhalirecho amayi anabadwira ku Mbare mu Harare, mchombo wawo unagwera komweko, ndipo ku Malawi anapondako kawiri kokha, ulendo wina pokaika agogo aakazi ku Dedza.

Ndinachitulutsa Lamulungu lina masana kwathu ku Mabvuku, titaweruka ku tchalitchi, chifukwa cha mkangano umene ndinali nawo ndi malume. Malume ndi munthu wotsatira nkhani za kumudzi pa WhatsApp usana ndi usiku, ndipo chichitikireni za chisankho cha 2020 majaji a ku Malawi sawachotsa pakamwa. Tsikulo anakankha mbale ya nsima, nasamba m'manja, n'kunena kuti, "Mphwanga, ine aphungu ndinatopa nawo. Bwanji majaji angotilembera okha malamulo? Iwo ndiye ophunzira. Enawa amangopita kukawodzera ku Nyumba ya Malamulo ku Mount Hampden."

Ndinawayankha kuti, "Ayi malume, pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu." Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti wamkulu satsutsidwa chakudya chili pamphasa. Koma nkhaniyi imandikhudza, ndipo kuyambira tsiku limenelo sinandichoke m'mutu. Ine si loya, ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Komabe ndakhala ndikuwerenga zigamulo za makhothi kwa zaka, ndipo chimene chinandiyambitsa ndi chitupa chomwechi.

Mphamvu imene malume amaisirira ndi yeniyeni. Gawo 2 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe, aja tinawavotera pa referendamu ya pa 16 Malichi 2013, limanena kuti malamulo amenewa ndiwo ali pamwamba pa onse, ndipo lamulo, mwambo kapena mchitidwe uliwonse wosemphana nawo ulibe mphamvu. Ku Malawi mfundo yomweyi ili m'gawo 5. Ndiye kuti aphungu akhoza kuimika manja onse, pulezidenti n'kusaina, koma munthu wamba n'kukagogoda ku khothi kuti lamulo limeneli likundiphwanyira ufulu, majaji n'kuliyeza, likaperewera n'kuligwetsa. Anthu a ku America amati zimenezi zinakhazikika kwawo mu 1803 pa mlandu wa Marbury ndi Madison, pamene jaji wamkulu John Marshall anakana kutsatira ndime ya lamulo imene inkasemphana ndi malamulo aakulu. Ku Britain, kumene tinatengera mawigi a majaji athu, n'zosiyana: khothi likhoza kulengeza kuti lamulo likusemphana ndi ufulu wa anthu, koma lamulolo limagwirabe ntchito kufikira aphungu eni ake atalisintha. Ife kuno tinasankha njira yopatsa khothi mano.

Agogo anga aamuna anali telala. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kudzakhazika makina awo pakhonde la sitolo ku Mbare, tepi ili m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikamaganiza za khothi ndimakumbukira tepi imeneyo. Tepi imakuuza kuti buluku ili lafupika, kapena kuti m'chiuno mwathina. Siinama, ndipo siyang'ana nkhope ya mwini buluku. Koma tepi siisoka. Ikatha kunena zoona zake, pamafunika munthu wokhala pa makina, wosankha nsalu, wodziwa kuti ulusi watsala wochuluka bwanji ndiponso kuti mwini chovala angathe kulipira zingati.

Tengani nkhani ya maukwati a ana. Pa 20 Januwale 2016, Constitutional Court ya kuno inagamula mlandu umene anabweretsa Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, amayi awiri amene analowa m'banja asanakwane zaka 18. Nthawi imeneyo ndime 22 ya lamulo la maukwati inkalola mtsikana wa zaka 16 kukwatiwa, pamene mnyamata ankayenera kudikira mpaka 18, ndipo lamulo la maukwati a chikhalidwe silinkatchula n'komwe zaka. Khothi linayeza zimenezi ndi gawo 78 komanso 81 la malamulo aakulu, n'kunena kuti palibe munthu, wamwamuna kapena wamkazi, wololedwa kulowa m'banja asanafike zaka 18. Ndimakumbukira mmene amayi a chigwirizano anakondwerera ku tchalitchi kwathu sabata imeneyo. Koma mayi wina wachikulire anafunsa funso limene linatikhalitsa chete tonse: "Nanga bambo wopereka mwana wake kwa mkulu wa mpingo, amangidwa zaka zingati?" Yankho panalibe. Khothi linaletsa, koma kukhazikitsa mlandu watsopano ndi chilango chake ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Lamulo latsopano la maukwati, limene linaika chilango kwa okwatira ndi okwatitsa ana, linabwera mu 2022. Zaka 6. Mtsikana amene anali ndi zaka 12 tsiku la chigamulo anali atakwana 18 pamene aphungu ankamaliza ntchito yawo.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya mu Meyi 2022. Pa mlandu wa Kawenda, khothi lomweli linapeza kuti ndime za malamulo a milandu zoteteza ana kwa akuluakulu ogona nawo zinkalekezera pa zaka 16, n'kusiya a zaka 16 ndi 17 pambalambanda, pamene malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Majaji anadziwa kuti akangozula ndimezo tsiku lomwelo ndiye kuti ngakhale ana aang'onowo atsala opanda chowatchinga. Choncho anaimika kaye chigamulo chawo kwa miyezi 12, kuti aphungu akonze lamulo latsopano. Miyezi 12 inatha bilu isanadutse. Ndime zija zinagwa, ndipo odziwa malamulo anayamba kukuwa kuti patseguka dzenje limene anthu oipa angathawiremo. Mu Januwale 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anachita kugwiritsa ntchito mphamvu zake zapadera zoika malamulo ongoyembekezera kuti atseke dzenjelo, ndipo lamulo lenileni la aphungu linasainidwa chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Nditawafotokozera malume zimenezi anawomba m'manja kuti, "Ehe! Si zimene ndikunenazi? Majaji akanangolemba okha, bwenzi ana atatetezeka." Ndikumvetsa mtima umenewo, ndipo ine ndemwe ndinali ndi mkwiyo womwewo miyezi imene ija, pakuti ana a zaka zimenezi ndi amene ndimaima nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku. Koma taganizani mafunso amene lamulo limenelo linayenera kuyankha. Nanga ngati mnyamata wa zaka 17 ali pachibwenzi ndi mtsikana wa zaka 16, onse a fomu imodzi, timange ndani? Kusiyana zaka kukhale kotani kuti tinene kuti uyu wadyera mwana masuku pamutu? Chilango chikhale chotani? Namwino wa ku kiliniki atani mtsikana wotere akabwera kudzafuna thandizo? Mafunso ngati amenewa safuna maloya awiri okangana pamaso pa majaji ochepa m'chipinda cha pa msewu wa Samora Machel. Amafuna makolo, aphunzitsi, anamwino, mafumu, a mipingo ndi achinyamata eni ake. Gawo 141 limalamula Nyumba ya Malamulo kumva maganizo a anthu pa mabilu, n'chifukwa chake makomiti a aphungu amayendayenda m'maholo a m'matauni ndi m'maboma. Khothi lilibe njira yotero. Limamva okhawo amene abwera ndi mlandu, pa mfundo zokhazo zimene abweretsa. Kulakwa kwa miyezi ija kunali kwa amene anapatsidwa chaka chathunthu n'kuchigonera, osati kwa amene anakana kuwalanda mpando.

Palinso china chimene ndinawauza malume, chimene sanachikonde. Phungu akatikhumudwitsa timamudikira pa chisankho. Jaji sitimusankha ndipo sitingamuchotse ndi voti. N'zoyenera kutero, kuti aziweruza mopanda mantha. Koma munthu amene sungamuchotse usamupatse mphamvu yokulembera mmene uzikhalira. Lero majaji ndi amene mukuwakonda, mawa pampando pomwepo pakhala ena amene simuwafuna, mphamvu ili yomweyo. Walira mvula walira matope.

Ndisanamveke ngati woikira kumbuyo aphungu, mbiri ya dziko lino ili ndi mbali ina imene ndimaphunzitsa ana anga mtima ukuwawa. Mu 1987 Supreme Court inagamula kuti kukwapula munthu wamkulu ngati chilango cha khothi ndi nkhanza yosemphana ndi malamulo aakulu, ndipo mu 1989 inanenanso chimodzimodzi za anyamata. Aphungu sanakonze lamulo laling'ono lija, anapita kukasintha malamulo aakuluwo mu 1990 kuti chikoti chibwerere pa anyamata. Mu 1993 bungwe la Catholic Commission for Justice and Peace linapambana mlandu wa amuna anayi amene anakhala zaka akudikira chingwe, khothi lotsogozedwa ndi Anthony Gubbay linati kudikiritsa munthu imfa motero ndi kumuzunza. Chaka chomwecho malamulo aakulu anasinthidwanso kuti chigamulo chotero chisadzabwerezedwe. Mu 2005, posintha malamulo aakulu ulendo wa nambala 17, aphungu anatseka chitseko cha khothi pa nkhani yotsutsa kulandidwa kwa minda ya m'mafamu. Sindikutsutsa kuti nthaka inayenera kubwerera kwa eni ake. Koma kuuza khothi kuti nkhani iyi usaimve n'komwe ndi kuchotsa tepi m'khosi mwa telala. Ndipo pa anthu amene anasowa pogwira m'zaka zimenezo, ambiri anali antchito a m'mafamu, ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, amene mudzi wawo unali komboni ya pafamupo. Malamulo aakulu akalewo, aja analembedwa ku Lancaster House ku London ufulu usanabwere, anasinthidwa maulendo 19 asanalowedwe m'malo.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, olemba malamulo a 2013 anamanga mfundo yolimba m'gawo 328. Kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri, ndipo kukhudza mutu wa ufulu wa anthu kumafunanso referendamu. Apa khothi lili ndi ntchito yaikulu yoonetsetsa kuti aphungu adutsa pakhomo loyenera. Mu 2020 Constitutional Court inapeza kuti bilu yoyamba yosintha malamulowa, ija ya kasankhidwe ka jaji wamkulu, inadutsa ku Senate mu 2017 mavoti asanakwane. Silinanene kuti ganizo la biluyo ndi labwino kapena loipa. Linangoti bwererani mukavotenso moyenera. Ena anakhumudwa kuti khothi lawapatsa mpata wachiwiri, ndipo ndikuwamva. Koma kuwerenga manja ndi kumene kunali m'mphamvu yake.

Nkhani ya chikoti ija inatha mu Epulo 2019, pamene khothi, pogwiritsa ntchito malamulo atsopano, linathetsa chilango chokwapula anyamata pa mlandu wa Chokuramba. Patapita zaka 30 chigamulo cha 1989 chija chiperekedwere. Koma chilango cha imfa sichinathe ndi majaji. Chinatha ndi bilu imene anabweretsa Edwin Mushoriwa, phungu wa Dzivarasekwa konkuno ku Harare, ndipo inasainidwa pa 31 Disembala 2024. Ndinawakumbutsa malume kuti ameneyo ndi mmodzi mwa anthu amene akuti amangowodzera aja.

Za ku Malawi tinakangana nthawi yaitali, mpaka tiyi anazizira. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a High Court, atakhala ngati khothi la malamulo aakulu ku Lilongwe, anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha Meyi 2019, chija cha tipeksi, n'kulamula kuti china chichitike pasanathe masiku 150. Ananenanso kuti mawu a m'gawo 80 amatanthauza kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Ife a Chichewa kuno ku Harare tinayenda mapewa ali m'mwamba sabata imeneyo, anzathu a Chishona m'kombi akutifunsa kuti kwanu majaji otere munawatenga kuti. Koma ngakhale pamenepo, khothi silinalembe lokha mmene chisankho chachibwereza cha anthu awiri otsogola chizichitikira. Linatumiza nkhaniyo ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu anadutsitsa mabilu, Pulezidenti Peter Mutharika anakana kuwasaina, Supreme Court inagwirizana ndi kufafaniza chisankho kuja pa 8 Meyi, ndipo anthu anakavota pa 23 Juni.

Ndivomere kuti pa mlandu umenewu mzere wa pakati pa kumasulira lamulo ndi kupanga lamulo unali wopyapyala. Mu 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, Supreme Court inamasulira mawu omwewo kuti wopambana ndi amene wangoposa anzake. Mawu sanasinthe, tanthauzo linasintha. Ine ndikuona kuti kumasulira kwa 2020 ndiko kunali kolondola, koma munthu wonena kuti majaji anaponda m'munda wa aphungu sindimuyesa wopusa. Ndi funso loyenera kulifunsa nthawi zonse, makamaka pamene chigamulo chatikomera.

Apa m'pamene ndinanyamuka kukatenga kachitini kaja. Ndinaika chitupa patebulo, pakati pa makapu.

Mu 2001 aphungu a dziko lino anasintha lamulo la unzika. Aliyense amene ankaonedwa kuti ndi nzikanso ya dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti akakane unzika umenewo motsatira malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Amayi sanakhalepo ndi pasipoti ya Malawi, sankadziwa n'komwe kuti ali ndi chinthu choti akane. Ndinali mnyamata, ndipo ndinawaperekeza ku ofesi ina m'tauni. Tinafika kusanache, tinaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka, amayi atafumbata envulopu ya khaki yokhala ndi kalata yawo yobadwira. Titafika pawindo, munthu wa mkatimo anangoyang'ana dzina la abambo awo ndi kumene anabadwira, n'kukankha mapepalawo kuti abwerere. Pobwerera m'kombi amayi sanayankhule. Chisankho cha 2002 chinawadutsa, ndi ena ambirimbiri a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Epworth, ife amene tinkatchedwa mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Kodi khothi linali kuti? Anthu anapitako. Judith Todd, mwana wa Garfield Todd amene anakhalapo nduna yaikulu ya dziko lino pa nthawi ya atsamunda, wobadwira m'dziko lomwe lino, anapambana ku High Court mu 2002 koma Supreme Court inamutembenukira mu 2003. Vuto linali lakuti malamulo aakulu a nthawi imeneyo sankateteza unzika wa mayiko awiri, chitetezo chimenecho chinali chitachotsedwa kale m'zaka zoyambirira za ufulu, ndipo nkhani zambiri za unzika zinasiyidwa m'manja mwa aphungu. Tepi yoyezera inali yaifupi. Chimene chinabwezera amayi anga ulemu wawo ndi gawo 43 la malamulo a 2013, limene limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime imeneyo sanailembe majaji. Inachokera m'misonkhano ya anthu, m'kukangana kwa zipani, ndi m'mavoti a referendamu.

Itakhalapo ndimeyo, m'pamene khothi linapeza poimira. Mu Juni 2013, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, Constitutional Court inatsimikiza kuti nzika mwa kubadwa siitaya unzika wake chifukwa chokhalanso nzika ya dziko lina. Mu Novembala 2017 High Court inalamula kuti anthu a zitupa zolembedwa "alien", amene gawo 43 likuwakhudza, aloledwe kulembetsa m'kaundula wa voti. Amayi anavota mu 2018. Anavala chitenje chawo chatsopano ngati akupita ku ukwati, ndipo pobwera anatisonyeza chala cha inki aliyense payekhapayekha, ngakhale kamdzukulu kamene sikanadziwe chimene akukaonetsa.

Koma mu 2021, pamene bungwe la Amnesty International linkatulutsa lipoti lake la anthu osowa unzika m'Zimbabwe, lamulo la unzika lija linali lisanagwirizanitsidwebe ndi malamulo aakulu, ndipo chiwerengero cha UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, cha anthu amene ali pachiopsezo chokhala opanda dziko chinali pafupifupi 300,000. Wogwira ntchito pawindo sawerenga zigamulo za makhothi. Amatsatira fomu ndi malangizo a mu ofesi, ndipo zimenezo zimachokera ku lamulo limene aphungu analemba. Lamulo likakhala lakale, fomu imakhalanso yakale, ndipo munthu aliyense amayenera kumenya nkhondo yakeyake, wopanda ndalama ya loya n'kungobwerera kunyumba.

Malume anatenga chitupa chija, nachitembenuza, nachiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa mawu, osayang'ana ine koma mlongo wawo. Mdzukulu wa malumewo wa ku Epworth ali giredi 6, ndipo alibe kalata yobadwira chifukwa mayi ake nawonso alibe, popeza anabadwira pafamu ina cha ku Norton ndipo sanalembetsedwe. Chaka chamawa ndi cha mayeso a giredi 7.

"Ndiye mphwanga," anatero malume, "pamenepa tipite kwa loya kapena kwa phungu?"

Ndinawauza kuti tipita konse. Kwa maloya othandiza anthu mwaulere kuti mwanayu apeze pepala lake mayeso asanafike, ndi kwa phungu wa dera lathu ndi kalata yosainidwa ndi a sosaite yonse, yofunsa za lamulo la unzika ndi kalembera wa ana obadwa. Amayi anati mlembi wa sosaite ali ndi mayina a mabanja onse m'buku lake, ndipo msonkhano wotsatira ndi Loweruka loyamba la mwezi. Anapukuta chitupa chija ndi nsonga ya chitenje, nachibwezera pansi pa makadi a ubatizo, n'kutseka kachitini.